Musanamutche mbuli, muyezeni kaye

M'kalasi iliyonse ya fomu 1 kapena fomu 2 mumakhala munthu amene mtima wake umagunda aphunzitsi akangoti, "Wina atiwerengere ndime yotsatirayo." Inu mukumudziwa. Amaweramitsa mutu, amayamba kufunafuna cholembera chimene sichinagwe n'komwe, kapena amapempha kupita panja. Akalozedwa, amawerenga ngati ngolo ya m'matope: liwu limodzi, kuima, kubwerera, kulumpha mzere. Kumbuyo kuja ena ayamba kale kuseka. Koma tikalowa mu labu, munthu yemweyo ndi amene amayamba kulumikiza mawaya babu n'kuyaka, anzake akadali kukangana za kumene batire liyang'ane.

Mayina ake tinamupatsa kale: mbuli, waulesi, mutu wouma. Ine ndine mphunzitsi wa Fizikisi, si dokotala wa ubongo ayi, koma ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kuphunzitsa kuyeza. Mu labu sindilola wophunzira kulemba kuti madzi "atentha kwambiri". Ndimafuna nambala, ndimafuna kudziwa chida chimene wayezera, komanso mmene chidacho chingamunamizire. Nanga bwanji pa nkhani ya nzeru za munthu timagamula ndi maso okha? Maganizo anga ndi akuti wophunzira aliyense amene wafika ku sekondale akuvutikabe kuwerenga ayenera kuyezedwa mwadongosolo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, tisanamubwerezetse kalasi, tisanamulange, komanso tisanathamangire kumupachika dzina la dyslexia limene tangolimva pa foni.

M'chaka cha 1896 dokotala wina wa m'tauni ya Seaford ku England, W. Pringle Morgan, analemba m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal za mnyamata wa zaka 14 dzina lake Percy. Msinkhu wanu womwewu. Percy anali wochangamuka, masewera ankawatha, masamu ankawerengera bwinobwino, ndipo anali ataphunzitsidwa kuyambira ali ndi zaka 7. Koma mawu osavuta ankamugonjetsa, moti ngakhale dzina lake lomwe analilembapo kuti Precy. Mphunzitsi wake ankaona kuti maphunziro akanakhala apakamwa pokha, mnyamatayu akanaposa onse pasukulupo. Morgan anaganiza kuti ndi khungu la mtundu wina, loona zinthu zonse kupatula mawu. Liwu loti dyslexia nalonso linachokera kwa dokotala wa maso, Rudolf Berlin wa ku Germany, amene analiika pa mutu wa buku lake la 1887. Ndi Chigiriki: dys ndi vuto, lexis ndi mawu.

Zinatenga zaka zambiri kuti asayansi aone kuti maso alibe mlandu. Mwana safuna sukulu kuti alankhule. Amangomva anthu pakhomo, basi wayamba. Kuwerenga n'kwina. Kulemba kunayamba zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, dzulodzuloli tikayerekeza ndi nthawi imene anthu akhala akulankhula, ndiye ubongo ulibe chipinda chowerengera chimene timabadwa nacho. Umachita kubwereka: mbali yoona zinthu iyenera kuphunzira kugwirizana ndi mbali yomva mawu. Kuti zimenezi zitheke, mwana ayenera kuzindikira kuti liwu limene amalimva ngati chinthu chimodzi ndi lopangidwa ndi tizidutswa. Yesani izi ndi mnzanu. Muuzeni kuti: nena chimanga, koma uchotse chi. Ayankha msanga, manga. Nena mbale, uchotse m. Bale. Nena phala, koma m'malo mwa ph uike k. Ambiri a inu mwayankha kale kuti kala osaganiza n'komwe. Kwa munthu wa dyslexia phiri lili pamenepa. Mawu amawamva, tanthauzo amalidziwa, koma kuwadula m'tizidutswa ndi kulumikiza kachidutswa kalikonse ndi lembo lake kumamutengera nthawi ndi mphamvu zambiri.

Mwina munamvapo kuti chizindikiro cha dyslexia ndi kusokoneza b ndi d. Musachikhulupirire kwambiri chimenecho. Kapu ndi kapu, chogwirira chake chiyang'ane kumanja kapena kumanzere. Mbuzi siisanduka nkhosa ikatembenuka. Ubongo unazolowera kuona chinthu ndi chithunzi chake cha m'kalilole ngati chinthu chimodzi, ndipo zimenezi zimatithandiza. Zilembo zokha ndi zimene zimaphwanya lamuloli: b ukamuyang'anitsa m'kalilole wasanduka d. Choncho ana ambiri, a dyslexia ndi opanda dyslexia omwe, amatembenuza zilembo mpaka cha m'ma zaka 7 kapena 8. Ndipo alipo a dyslexia ambiri amene satembenuza lembo ngakhale limodzi.

Vutoli si la azungu okha monga ena amanenera. Lapezeka m'zilankhulo zosiyanasiyana, ngakhale m'Chitchaina chimene sichigwiritsa ntchito zilembo ngati zathuzi, ndipo limayenda m'magazi: mwana amene kholo lake lili nalo amakhala pachiopsezo chachikulu. Kawirikawiri akatswiri amati ndi anthu 5 mpaka 10 pa 100 alionse, kutengera pamene woyeza waika malire. M'kalasi ya ana 60 ku pulayimale ndiye kuti atatu mpaka asanu ndi mmodzi. Ambiri mwa iwo amatsalira pa mayeso a sitandade 8. Amene wadutsa n'kufika fomu 1 nthawi zambiri wadutsa poloweza, pomvetsera kwambiri ndi pogwira ntchito kuposa anzake. Tikamamutcha waulesi timakhala tikunyoza munthu amene wakhetsa thukuta loposa la tonse.

Kuchulukitsa, osati kuphatikiza

Mu 1986 akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, analemba kuwerenga ngati fomula, ndipo ine monga munthu wa Fizikisi ndimaikonda. Kumvetsa zimene wawerenga = kumasula zilembo × kumvetsa chilankhulo. Yang'anitsitsani chizindikirocho. Akanalemba kuphatikiza, munthu wamphamvu mbali imodzi akanatha kukwirira kufooka kwa mbali inayo. Koma ndi kuchulukitsa, ndipo nonse mukudziwa zimene ziro amachita akalowa m'kuchulukitsa. Ndikakupatsani tsamba la Chitaliyana mukhoza kulitchula pafupifupi lonse, chifukwa zilembo zake n'zofanana ndi zathu, koma simumvapo kanthu: 1 × 0. Agogo amene sanapiteko kusukulu amamva Chichewa chakuya kuposa ine ndi inu, koma kalata yochokera ku Johannesburg amachita kuwerengeredwa: 0 × 1.

Ndiye anthu awiri akhoza kupeza 20 pa 100 pa mayeso amodzi a kumvetsa nkhani pa zifukwa zosiyana kotheratu. Woyamba vuto lake lili pa kumasula zilembo, ndipo ameneyu ndi wa dyslexia: mukamuwerengera nkhaniyo mokweza amayankha mafunso onse. Wachiwiri amawerenga mokoma ngati wa pa wailesi, koma mukamufunsa zimene wawerenga amangoti kukamwa yasa, ndipo ngakhale mumuwerengere sizisintha. Vuto la wachiwiriyu lili m'chilankhulo chenichenicho: kusunga mawu atsopano, kutsatira chiganizo chachitali, kusanja zimene akufuna kunena. Mu 2017 akatswiri a m'maiko olankhula Chingerezi, motsogozedwa ndi Dorothy Bishop wa ku Oxford, anagwirizana kuti vutoli lizitchedwa Developmental Language Disorder, mwachidule DLD. Kafukufuku wa ku England wa 2016 analipeza mwa ana pafupifupi 7 pa 100 alionse oyamba sukulu. N'lofala ngati dyslexia, koma ndi ochepa amene analimvapo.

M'Fizikisi vuto limeneli limaoneka bwino kwambiri. Tengani chiganizo ichi: "Mwala umene unaponyedwa ndi mnyamata amene anaima pa mlatho unagwera m'madzi patatha masekondi 2." Chagwera m'madzi n'chiyani? Kuti muyankhe, ubongo wanu wasunga liwu loti mwala, wadutsa mnyamata, wadutsa mlatho, kenako walumikiza mwala uja ndi kugwa. Wophunzira wa DLD akamafika pa mlatho, mwala wautaya kale. Fomula amaidziwa, kuwerengera amatha, koma funso lamuthawa. Ameneyu ndi uja timamuuza kuti, "Tenga mabikala awiri, limodzi uthiremo madzi, linalo ulisiye pa tebulo la kumapeto," iye n'kubwera ndi bikala limodzi lopanda madzi, ife n'kumati ndi mwano. Ena ali ndi mavuto onse awiri nthawi imodzi. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa chithandizo chake n'chosiyana: kumuyesetsa maphatikizo tsiku ndi tsiku munthu amene vuto lake ndi ziganizo kuli ngati kumwetsa wodwala malungo mankhwala a njoka za m'mimba.

Kuyeza kwenikweniko

Lamulo loyamba la ekisiperimenti ndi lakuti usinthe chinthu chimodzi, zina zonse zikhale chimodzimodzi. Kuyeza wophunzira kumayambanso choncho: kuchotsa kaye zifukwa zina zonse zimene zingalepheretse munthu kuwerenga. Ndipo kwathu kuno zifukwazo zilipo zambiri. Woyeza wabwino amayamba ndi kucheza ndi makolo kapena womulera. Mwanayu anayamba liti kulankhula? Alipo wina m'banjamo amene sukulu inamukanika pa nkhani ya kuwerenga? Anadwalapo malungo a muubongo, amene amadziwika kuti amasiya vuto la kulankhula ndi kukumbukira mwa ena opulumuka? Sitandade 1 ndi 2 anaphunzira mokwanira, kapena ankajomba nthawi ya dzinja ndi ya njala? M'kalasimo munali ana angati, nanga buku ankaligwira? Munthu amene sanaphunzitsidwe bwino kuwerenga alibe dyslexia. Alibe chabe zimene sanapatsidwe. Pakhomo amalankhula chilankhulo chanji? Mwana wa ku Mzimba kapena ku Mangochi akhoza kukhala kuti Chichewa n'chilankhulo chake chachiwiri, Chingerezi chachitatu.

Kenako maso ndi makutu. Tchati cha zilembo chija amachiika pa mtunda wa mamita 6 chimayeza kuona patali. Munthu akhoza kuchiwerenga chonse koma maso ake n'kumatopa akayang'ana buku pafupi, ndiye zonse ziwiri ziyezedwe. Za makutu n'zosangalatsa kwa ife a Fizikisi. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz, ndipo achipatala amayeza makamaka pakati pa 250 ndi 8,000 Hz, pamene pali mawu olankhula. Maliwu a a, e, i, o, u ndi amphamvu ndipo ali munsi. Maliwu ngati s ndi f ndi ofooka ndipo ali pamwamba, cha m'ma 4,000 Hz kupita m'tsogolo. Munthu amene khutu lake lataya mbali ya pamwambayo amamva kuti aphunzitsi akulankhula, koma m'mphepete mwa mawu mwafufutika. Iye sadziwa kuti pali chimene akuphonya. Mwana amene ankatuluka mafinya m'khutu kawirikawiri ali wamng'ono ayenera kuyezedwa ndithu. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi kiliniki ya ABC ku Lilongwe ndi ena mwa malo amene amayeza kumva.

Zimenezi zikatha ndiye timafika pa kuwerenga. Mayeso ake si amodzi. Pali kuwerenga mndandanda wa mawu paokhapaokha, opanda chithunzi kapena nkhani yothandiza kuyerekeza. Pali kuwerenga mawu opeka, opanda tanthauzo, monga zolupe kapena nkhavito. Ena amaseka akamva zimenezi, koma ndi mayeso anzeru kwambiri: liwu limene sunalionepo sungaliloweze, ndiye wolowezayo amaonekera pomwepo. Pali masewera odula mawu ngati aja a chimanga. Pali kutchula mofulumira mizere ya manambala, mitundu kapena zithunzi zodziwika, wina atagwira wotchi. Njira imeneyi anaiyambitsa Martha Denckla ndi Rita Rudel m'zaka za m'ma 1970, ndipo a dyslexia ambiri amachedwa ngakhale zinthuzo amazidziwa bwino. Pali lembetso, pali kulemba ndime yaifupi. Ndiyeno mbali ya chilankhulo: kubwereza ziganizo zotalika pang'onopang'ono, kutsatira malangizo angapo, kufotokozanso nkhani imene wamva. Pomaliza nkhani ziwiri za msinkhu umodzi, ina awerenge yekha, ina awerengeredwe.

Chomalizachi mphunzitsi aliyense akhoza kuchichita mawa. Chaka china ndinali ndi mtsikana wa fomu 2 amene ankayankha bwino m'kalasi koma pa pepala ankagwa. Tsiku lina ataweruka anzake, ndinatenga mafunso ena a mutu womwewo n'kumuwerengera, iye n'kumayankha pakamwa. Mutu womwewo, mphunzitsi yemweyo, chipinda chomwecho. Chosintha chinali chimodzi. Anakhoza pafupifupi onse. Zimenezo sizinali umboni woti ali ndi dyslexia, koma zinaonetsa kuti Fizikisi anali nayo m'mutu, ndipo mayeso anga ankayeza china.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa nkhani ya chilankhulo ndi imene imasokoneza kwambiri kwathu kuno. Chichewa chimalembedwa moona mtima. Lembo a ndi a paliponse. Phatikizo lililonse pafupifupi limathera pa lembo la liwu: ma, me, mi, mo, mu. Timisampha tilipo, inde: pala ndi phala, ngoma ndi ng'oma, komanso mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika zimene timalemba chimodzimodzi. Koma n'tochepa. Chingerezi chili ndi zilembo 26 zonyamula maliwu pafupifupi 44, ndipo sichisunga lonjezo. Tchulani though, through, tough ndi cough: zilembo zinayi zomwezo, katchulidwe kanayi. Height ndi weight amasiyana lembo limodzi koma samveka mofanana. Ngakhale dzina la phunziro langa ndi msampha: mwana amene kwa zaka zinayi waphunzira kuti ph ndi wa phala ndi phiri, akumana ndi physics n'kuuzidwa kuti pano ndi f. Mu 2003 Philip Seymour ndi anzake anayerekeza ana a chaka choyamba cha sukulu m'zilankhulo 13 za ku Ulaya. Ana a ku Finland, Greece, Italy ndi Spain ankawerenga molondola mawu oposa 90 pa 100. Ana olankhula Chingerezi sanafike ngakhale theka. Ndipo amenewo Chingerezi n'chakwawo.

Zotsatira zake kwa ife ndi ziwiri. Choyamba, dyslexia imabisala m'Chichewa. Mwana akhoza kuwerenga molondola, phatikizo ndi phatikizo, pang'onopang'ono, aphunzitsi osaona kanthu. Vuto n'kudzaphulika m'sitandade 5 pamene maphunziro onse atembenukira ku Chingerezi. Mu 2001 Eraldo Paulesu ndi anzake anajambula ubongo wa anthu a dyslexia a ku Italy, France ndi England akuwerenga. Onse anali ndi mbali imodzimodzi ya kumanzere kwa ubongo imene inkagwira ntchito mofooka, koma a ku Italy, amene kalembedwe kawo n'kolunjika ngati kathu, ankalakwitsa mawu ochepa. Vuto limodzi, maonekedwe osiyana. Choncho m'Chichewa kuwerenga zolakwa kokha sikukwanira; pafunika wotchi, tione mawu angati pa mphindi imodzi. Chachiwiri n'chotembenuza: wophunzira amene akulephera Chingerezi sikuti ali ndi dyslexia. Ngati Chichewa amachiwerenga mofulumira, mosadodoma, mawu opeka osamuvuta, ndiye kuti makina ake omasulira zilembo ali bwino. Chimene chikusowa ndi Chingerezi chenichenicho. DLD nayonso siisankha chilankhulo: ngati ilipo, iyenera kuoneka m'chilankhulo cha kunyumba. Kuyeza mwana wa ku Ntcheu m'Chingerezi chokha n'kulemba lipoti ndi ulesi wa woyeza.

Pali vuto linanso limene ophunzira anga a fomu 1 angalitchule dzina: zero error. Mukudziwa sikelo za mavenda ena ogula soya, zija muvi wake umayambira kumbuyo kwa ziro. Uyeze kakhumi, yankho limabwera lofanana, koma lonse ndi labodza. Mayeso ambiri otchuka a dyslexia anapangidwa ku America ndi ku Britain. Malikisi ake amakonzedwa kuti wapakati apeze 100, ndipo ambiri amagwera pakati pa 85 ndi 115. Koma "wapakati" ameneyo ndi mwana wa kumeneko, wolankhula Chingerezi chibadwire, wokulira pakati pa mabuku. Kuika mwana wathu pa sikelo imeneyo kukhoza kupangitsa kalasi yonse kuoneka yodwala. Ine ndimakhulupirira kwambiri njira yosavuta: ndime imodzi, wotchi imodzi, ophunzira 20 kapena 30 a fomu yomweyo pa sukulu yomweyo, kenako tione pamene mnzathuyu waima pakati pa anthu amene anadutsa njira yofanana ndi yake. Si njira yangwiro, koma ziro wake ali pamalo. Ndipo nambala iliyonse ikhale ndi ± yake. Munthu amene wabwera ndi njala, kapena akunjenjemera chifukwa waitanidwa ku ofesi ya ahedi, sayezedwa tsiku limodzi n'kugamulidwa.

Zimene ena amatsutsa

Anzanga ena ku stafu amati kumupatsa mwana dzina la vuto n'kumupatsa chifukwa chogonera. Nkhawayi ndimaimva. Koma dzina ali nalo kale, lija la mbuli, ndipo limenelo silibwera ndi chithandizo chilichonse. Chimene ndimagwirizana nawo n'chakuti dzina lokha silithandiza. Lipoti longoti "ali ndi dyslexia" n'lachabe. Lofunika ndi lonena kuti amawerenga mawu angati pa mphindi m'chilankhulo chilichonse, amagwa pati, amalimba pati, ndipo aphunzitsi achite chiyani Lolemba.

Ena amati wanzeru yekha ndi amene angakhale ndi dyslexia, winayo ndi wofooka basi. Kale akatswiri ankaganizanso choncho: ankayeza IQ, n'kufuna kuti pakhale mpata waukulu pakati pa nzeru ndi kuwerenga. Njira imeneyi inkachititsa kuti mwana adikire kulephera zaka zingapo kuti mpatawo ukule, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti ovutika kumasula zilembo amavutika mofanana, IQ ikhale yokwera kapena yotsika. Buku la madokotala a ku America la DSM-5 linasiya lamulo limeneli mu 2013.

Chotsutsa champhamvu ndi cha ndalama ndi anthu: akatswiri oyeza ndi ochepa, makalasi ndi odzaza. Zoona. Koma sikuti tikuyambira pa ziro. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi a ana a vuto la kuona, la kumva ndi la kuphunzira, ndipo sukulu zina zili ndi chipinda cha resource chokhala ndi mphunzitsi wotero. Theka la zimene ndafotokozazi limafuna pepala, wotchi ya pafoni ndi ola limodzi. Ndipo kusayeza nakonso kuli ndi mtengo wake. Kuti munthu apate satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Wa mababu uja akhoza kukhoza Fizikisi ndi Masamu n'kutuluka chimanjamanja patatha zaka zinayi za fizi.

Nanga fomu 1 si mochedwa? Kuyamba msanga n'kwabwino, palibe wotsutsa. Koma achinyamata ndi akuluakulu omwe amapita patsogolo akaphunzitsidwa maliwu ndi zilembo mwadongosolo, pang'onopang'ono, kangapo pa sabata. Chimene chimavuta kusintha ndi liwiro, n'chifukwa chake nthawi yowonjezera pa mayeso si kukondera: funso la Fizikisi liyenera kuyeza Fizikisi. MANEB ili ndi dongosolo la olemba mayeso a zosowa zapadera, monga mapepala a braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma sukulu ndi imene iyenera kunena polembetsa, ndipo pempho lopanda umboni wolembedwa silipita patali. Umboniwo uyambe kusonkhanitsidwa mu fomu 1, osati mwezi wa mayeso.

Kwa inu amene mumawerenga bwino, pempho langa n'laling'ono. Musakhale madokotala a anzanu chifukwa cha kavidiyo ka pa TikTok, ndipo kuseka kuja kuthe. Ngati mumawerengera limodzi, werengani manotsi mokweza. Mudzapeza kuti mnzanuyo akufotokozerani za magetsi zimene inu munangoloweza.

Kwa iwe amene wafika pano movutikira, kapena wachita kuwerengeredwa: sankha mphunzitsi mmodzi amene umamasuka naye, upite pa nthawi imene palibe gulu. Tenga makope ako awiri, la Chichewa ndi la Chingerezi, osasankha okongola. Uwauze zinthu zenizeni: tsamba limodzi limakutengera nthawi yaitali bwanji, ngati umamva bwino wina akakuwerengera, ngati malangizo aatali amakuthawa, ngati khutu linakuvutapo. Upemphe kuti makolo aitanidwe, maso ndi makutu ziyezedwe, ndipo kuwerenga kwako akuyeze kumbali, m'zilankhulo zonse ziwiri. Zotsatira azilembe ndi manambala ndi tsiku lake, iwe usungeko pepala lako. Teremu ikatha muyezenso: ndime ina ya msinkhu womwewo, wotchi yomweyo, mphindi imodzi.